Mawu a Mlendo M'kamwa mwa Lameki

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse, kaya muli kuno ku Kwekwe m'dziko la Zimbabwe, kaya kumudzi ku Malawi, kaya kunja kumene ana athu anamwazikira. Dzina langa ndine Felesiya, mwana wa ku Amaveni, komboni ya kuno ku Kwekwe. Mutu wanga lero wayera mbuu, koma pali tsiku limodzi limene ndikalikumbukira thupi limachitabe tsemwe. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda a mlongo wanga Lameki, amene tinatsala pang'ono kumutaya nkhondo yomenyera ufulu itatha kale. Ndikuuzaninso za maphunziro anga amene Amaveni yonse inkawaseka, chifukwa nkhani ziwirizi sizilekana.

Bambo athu, a Mbewe, anachoka kwawo ku Dedza akadali mnyamata, n'kudzapeza ntchito pamgodi wa golide kuno. Kumudzi sanabwerereko, ndipo anthu oterowo kwathu amawatcha machona. Ine ndi Lameki tinabadwira m'nyumba ya mgodi, tikulankhula Chichewa m'nyumba ndi Chishona panja. Lameki anali wamng'ono kwa ine, ndipo anali ndi khutu lodabwitsa. Akamva nyimbo ya ku Kongo pawailesi m'mawa, pofika masana ankaiimba yonse, osadziwa tanthauzo la liwu ngakhale limodzi. Ankatsanzira kapitawo wa pamgodi akukalipa m'Chilapalapa, chinenero cha m'migodi, mpaka bambo ankagwa ndi phwete. Sukulu yokha ndiyo inamukanika mnyamata ameneyu.

Ine sukulu inandikonda. Makolo ananditumiza kumishoni ya cha ku Gokwe kukaphunzira unamwino, ndipo kumeneko kunali masisitere ochokera ku Spain. Mmodzi wa iwo, Sisitere Pilara, anali wamfupi, wachangu ndiponso wosachedwa kupsa mtima. Ukayala bedi mokhota, Chishona chake chinkathera panjira n'kuyamba kukukalipira m'chinenero cha kwawo. Anzanga ankathawa, koma ine ndinkaima pompo chifukwa ndinkafuna kudziwa chimene akundinena. Tsiku lina ndinamufunsa, iye anaseka, ndipo phunziro langa loyamba la Chisipanishi linali mawu okalipira munthu waulesi.

Ataona kuti ndikugwira msanga, anandilembetsa ku yunivesite ina ya kumwera yophunzitsa kudzera pa positi, kuti ndichite digiri ya Chisipanishi. Koma sanalole kuti ndisiye unamwino. Ankati chinenero chokha chili ngati khasu lopanda mpini, uyenera kuchilowetsa pa ntchito ina kuti chilime. Choncho masana ndinkatsuka mabala, ndikaweruka n'kumawerenga mbiri ndi malamulo a chinenero, ndipo iye ankandifunsa mayina a ziwalo ndi matenda m'zinenero zonse ziwiri. Cholinga chathu chinali choti ndikamaliza ndipite ku Spain kukaphunzira uzamba wapamwamba, kenako ndibwere kudzaphunzitsa atsikana akuno.

Kunyumba nkhaniyi inali nthabwala. Bambo ankanyadira, koma akafunsidwa kuti mwana wanu akuphunzira chiyani ankangokanda m'mutu. Mayi wina woyandikana nafe, Mshona wokonda kuseka amene tinkamutcha Mai Tendai, ankandiimitsa pampopi nthawi ya tchuthi.

"Nhai Felesiya, chiSpanish chacho uchachitaura naani muno muAmaveni? Nembudzi here?"

Ankandifunsa ngati ndidzachilankhule ndi mbuzi. Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkati dikirani, mudzandiona ndikukwera ndege. Chifukwa cha kusekedwa kumeneku, pakhomo pathu sindinkalankhulapo Chisipanishi, ndipo makolo anga sankadziwa n'komwe kuti chimamveka bwanji.

Ndegeyo sindinaikwere. Boma la azungu litadzilekanitsa ndi dziko la Angerezi, mapasipoti akuno sankalandiridwa m'mayiko ambiri. Nditapita kukafunsa, anandiuza kuti ndine mwana wa mlendo, ndikapemphe kwathu ku Malawi. Akwathu nawo ankafuna umboni wa mudzi umene sindinaupondepo. Ndili mkati moyendayenda, nkhondo inafika ku Gokwe, chipatala cha mishoni chinatsekedwa ndipo masisitere anabwerera kwawo. Digiri yanga inafika pa positi khomo litatsekeka kale. Ndinaiika pansi pa sutikesi, n'kupsinja nsalu pamwamba pake, ndipo ndinakapeza ntchito pakiliniki ya mgodi wina ku Selukwe, kumene lero timati Shurugwi. Ndinali wowawidwa mtima kwambiri. Kutchalitchi ndinkapita, koma ndinkakhala ngati munthu amene wabwera kudzaonetsa Mulungu nkhope yokwiya.

Nthawi yomweyo Lameki anasowa. Anatuluka akuti akukagula chubu cha njinga, osabwerako. Patapita nthawi tinamva kuti anawoloka malire ndi anyamata anzake kukalowa nkhondo. Amayi anaonda, ndipo zaka zonsezo sanalole munthu kugona pamphasa yake.

Nkhondo itatha, mnzake wina anabwera naye pakhomo. Mnzakeyo sanakhalitse, anangoti ndege zinawapeza kumsasa, ndipo kuyambira pamenepo Lameki salankhula. Ife tinkangoganiza kuti anali ku Zambia monga ambiri. Thupi lake linali lathunthu, lopanda bala lalikulu, ndipo tinathokoza Mulungu. Koma munthu uja wa nthabwala sanabwere nawo. Ankakhala pakhonde tsiku lonse akuyang'ana manja ake. Amayi akamuitana sankatembenuka, ndipo chakudya ankangochinyema osachidya.

Amene munakulira pafupi ndi mgodi mukudziwa nthawi imene amati chisa. Shifiti ikatuluka masana, huta, lipenga la mgodi, imalira, kenako amaphulitsa miyala pansi, ndipo nthaka imagunda mpaka makapu amalira pashelefu. Ife tinazolowera, tinkachita kudziwira nthawi pomwepo. Koma Lameki akamva kugunda kumeneko ankagwa pansi, n'kudzigwira malaya pachifuwa, n'kuyamba kufuula ndi mawu osakhala ake, m'chinenero chimene panalibe wochimva. Zikatha ankanjenjemera mpaka madzulo.

Ine zimenezi sindinazione ndi maso. Tsiku langa lopuma linali Lamlungu lokha, ndipo ndinkabwera pabasi m'mawa n'kubwerera madzulo. Lamlungu mgodi suphulitsa. Choncho ndinkapeza Lameki wachete, n'kusiya Lameki wachete. Ndinapempha amayi kuti anditchulire mawu amene amanena, koma anakana kwamtuwagalu. Anati mawu a mzimu sabwerezedwa, ukawabwereza mwini wake amasamukira kwa iwe.

Pakuti pa nthawiyi mzere wathu wonse wa nyumba unali utagwirizana kuti ndi mzimu. Mai Tendai anafotokozera amayi kuti kwa Ashona kuli chinthu chotchedwa shave, mzimu wa mlendo amene anafera kutali ndi kwawo osaikidwa bwino, umene umakhala pa munthu n'kumalankhula chinenero chake. Bambo anali mkulu wa mpingo ndipo poyamba anakana. Koma mwana akamafota uli kuona, chikhulupiriro chimayesedwa. Anapita naye kwa sing'anga, amene anati mlendoyo wakwiya ndipo akufuna nsalu ndi gule. Anachita zonse, osathandiza. Apositoli anamuwaza madzi kuphiri, wansembe anamupempherera, ine ndinabweretsa mapiritsi ogonetsa n'kumati ndi mantha a nkhondo chabe. Tonse tinalephera mofanana.

Tsiku lina amayi otola nkhuni anamupeza ataima m'mphepete mwa dzenje la mgodi wakale kuseri kwa Amaveni. Anali atavula nsapato n'kuziika bwinobwino pambali. Anamugwira n'kubwera naye, mmodzi atanyamula nsapatozo. Bambo ataziona anati palibenso chochita, apite kuchipatala cha amisala ku Bulawayo. Tonse tinkadziwa kuti kumeneko munthu akhoza kukhala zaka, ndipo amayi analira ngati maliro achitika kale. Popeza ndinali namwino, anati ine ndi amene ndimuperekeze pasitima. Ndinapempha tchuthi pakati pa sabata.

M'mawa wa tsikulo ndinagwada m'khitchini mwa amayi, ndipo pemphero langa silinali laulemu. Ndinati, Ambuye, munanditsekera njira ya ku Spain, zaka zanga munazilola zipite pachabe, ndipo sindinamvetse. Koma uyu musandilande. Ngati pali kanthu kalikonse kamene munaika mwa ine, kagwiritseni ntchito lero, chifukwa ine nzeru zandithera. Nditadzuka sindinamve chilichonse, ndipo ndinapitiriza kulongedza zovala zake.

Sitima inali ya chakumadzulo. Tinakhala m'nyumba kudikira, chikwama chili pakhomo, Lameki ali pampando atavala jekete la bambo. Ndipo huta inalira. Amayi anandiyang'ana n'kugwira pakamwa. Nthaka inagunda, makapu analira, ndipo mlongo wanga anagwa pansi n'kudzigwira malaya.

Abale anga, chimene chinatuluka m'kamwa mwake chinandiumitsa thupi. Sichinali chofanana ndendende ndi cha Sisitere Pilara, mawu ake anali othamanga ndi omezedwa kumapeto, koma chinali Chisipanishi. M'nyumba ya mgodi ku Amaveni, m'kamwa mwa mwana wa a Mbewe amene sanamalize sukulu, munkatuluka chinenero chimene ndinachikwirira pansi pa sutikesi.

"Suéltame, hermanito! Sálvate tú!"

Ndiko kuti, ndisiye mng'ono wanga, dzipulumutse iweyo. Ndipo mawu anapitirira, liwu lililonse lomveka bwino. Wandinyamula mokwanira. Miyendo yanga yatha, sindifika. Iwe uli ndi mayi ako akukudikira, thamanga. Pita ndi Mulungu.

Sindikumbukira kuti ndinachoka bwanji pampando. Ndinangopezeka ndagwada pambali pake, ndamugwira mutu monga tinkagwirira odwala, ndikuyankha m'chinenero chomwecho. Ndinati ndakumvani bambo, mnyamatayu anafika, ali kwa mayi ake, pumani tsopano. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinkayankha ndani. Ndimangodziwa kuti Lameki analeka kufuula. Anatsegula maso n'kundiyang'ana ine, osati kupyola pa ine monga ankachitira, ndipo analankhula Chichewa koyamba chibwerere.

"Achemwali, mukumumva? Akunditemberera kuti chiyani?"

"Sakukutemberera, Lameki. Akukudalitsa."

Sanakhulupirire. Anandigwira dzanja mpaka kuwawa, n'kuyamba kunena mawu aja pang'onopang'ono, chidutswa chimodzichimodzi, ine ndikumasulira. Tikafika kumapeto ankayambiranso, kuti aone ngati ndisinthe. Sindinasinthe, chifukwa panalibe chosintha. Titafika pa mawu oti uli ndi mayi ako akukudikira, anatembenuka n'kuona amayi ataima pakhomo la kuchipinda. Anakwawa mpaka pamapazi awo, ndipo kulira kumene analira kunaitana mzere wonse. Sitima inapita popanda ife.

Nkhani yake inatuluka pang'onopang'ono masiku otsatira. Kuchoka ku Zambia anatumizidwa ku Angola, kumene ankaphunzitsidwa ndi asilikali a ku Cuba kudzera mwa womasulira. Iye ankangodziwa mawu a paperete, oti imani, yendani, gonani pansi. Ndege zitaphulitsa msasa, anapeza mmodzi wa iwo, wothandiza ovulala dzina lake Ramoni, atathyoka miyendo. Anamubereka kumsana n'kuyenda naye mpaka mphamvu zinamuthera. Atamutsitsa, munthuyo anamugwira malaya, akufuula, kenako anamukankha mwamphamvu. Ndege zinali zikubwerera, ndipo Lameki anathawa. Khutu lake lija linasunga liwu lililonse monga linkasungira nyimbo za pawailesi, koma tanthauzo analipeka yekha. Anakhulupirira kuti munthuyo ankamuchonderera kuti asamusiye, ndipo ataona kuti akumusiya anamutemberera. Ndi katundu ameneyu anaima naye pamphepete pa dzenje lija.

Bambo atamva zonse anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ndiye kuti naye anali mchona ngati ine. Wafera kwa eni, ndipo pomwalira wandibwezera mwana."

Bambo anali m'bungwe la maliro la anthu akwathu, limene kuno timati beriya, limene linakhazikitsidwa kuti Mmalawi asaikidwe ngati galu m'dziko la eni. Anapita kukalankhula ndi anzawo, ndipo Loweruka lotsatira anachitira Ramoni mwambo wa maliro pakhomo pathu monga amachitira kwa mnzawo amene thupi lake silinapezeke. Amuna okalamba a pamgodi, ena atatha mapapo ndi fumbi, anaimirira n'kuimbira nyimbo munthu amene sanamuonepo, wa dziko limene sakanatha kuliloza. Lameki anaima pakati pawo. Ine ndinapemphera m'Chisipanishi kuti malemuyo amve za kwawo.

Mai Tendai anabwera ndi nkhuku, ndipo atakhala pansi anandikodola.

"Ndakakuudzai wani kuti mutorwa akafira kure!"

Ankati anatiuza kale kuti ndi mlendo wofera kutali. Ndinamuvomereza kuti apo analondola, kungoti mlendoyo sanali wokwiya. Kenako ndinamufunsa ngati mbuzi zija zikufunabe kuphunzira, ndipo anabisa nkhope m'nsalu akuseka ndi misozi yomwe.

Sindikunamizani kuti Lameki anachira tsiku limodzi. Kwa miyezi yambiri chisa ikagunda ankanjenjemerabe, ndipo panali masiku amene ankangokhala duu. Koma sanagwenso pansi, ndipo kudzenje kuja sanabwererekonso. Anaphunzira ukalipentala, anakwatira ku Mbizo, ndipo mwana wake woyamba anamutcha Ramoni. Nthabwala zake zinabwerera, ndipo mpaka lero amanditsanzira mmene ndimayendera ndi ndodo.

Kwa ine, tsiku limenelo ndi limene khasu linapeza mpini wake weniweni. Ndinatulutsa digiri ija pansi pa sutikesi, ndipo ndinabwerera kusukulu kukawonjezera maphunziro osamalira odwala maganizo. Ndinagwira ntchito ndi anyamata ndi atsikana ambiri ochokera kunkhondo, ena a iwo ali ndi mawu achilendo ofanana ndi a Lameki. Patapita zaka, madokotala a ku Cuba atayamba kubwera m'zipatala zathu, ankandiitana kuti ndiziima pakati pa iwo ndi odwala. Womasulira wosadziwa za chipatala akanasochera, namwino wosadziwa chinenero akanangoyang'ana, koma ine ndinali nazo zonse ziwiri chifukwa cha sisitere wamfupi uja amene anakana kuti ndisiye chimodzi.

Ndikaganiza zimenezi ndimachita mantha ndi ukulu wa Mulungu. Lameki akadali kamnyamata kotsanzira wailesi, nkhondo isanafike n'komwe kwathu, Iye anali atayamba kale kukonza yankho, kudzera mwa mayi wokalipa chifukwa cha bedi lokhota. Pasipoti ija ikanatuluka, tsiku limenelo ndikanakhala kutsidya kwa nyanja, ndipo mlongo wanga akanakwera sitima ndi munthu wina. Chimene ndinkachiyesa kulandidwa chinali kusungidwa.

Tsono inu achinyamata amene mukuphunzira chinthu chimene anthu akukufunsani kuti mudzadya chimenecho, musachite manyazi. Chiphunzireni ndithu, ndipo muchiphatikize ndi luso lina la manja kapena la ntchito, kuti tsiku likadzafika mudzakhale nazo zonse. Inu amene khomo lakutsekerani, ndiponso inu amene muli ndi wodwala amene wakuthetsani nzeru, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lake likhale lokalipa ngati langa. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala.

Ndikuthokoza Ambuye chifukwa cha Sisitere Pilara, chifukwa cha amayi otola nkhuni aja, ndiponso chifukwa cha Ramoni, amene mayi ake sindinathe kuwauza kuti anabereka munthu wotani. Ku Spain sindinapiteko mpaka lero, ndipo sindidandaula. Ndinkayesa kuti ndikuphunzira kuti ndidzapite kutali, pamene ulendo umene Mulungu ankandikonzera unali wochoka pampando kufika pansi pamene mlongo wanga anagwa. Lamlungu lapitali tinakhala benchi limodzi kutchalitchi, iye akuimba besi pambali panga. Dzina la Ambuye lilemekezeke. Amen.